Tiyi wa Miyala wa Apongozi Anga a ku Joni

LOLEMBA

Yayaka? Kofiirako kakuphethira. Ndiye kuti ikumva.

Iwe foni, tamvera. Fanuwelo akuti ndizikuuza zinthu kuti ndisamaiwale, poti ine pensulo sindinaigwirepo chibadwire. Ndikuuza iwe, usauze munthu.

Fanuwelo ndi mwana wanga, ali ku Joni. Akubwera Loweruka ndi mkazi wake, a Nomusa, a konko. Aka n'kachiwiri. Ulendo woyamba uja ndinawaphikira tiyi wa mkaka weniweni wa ng'ombe, shuga osaumira. Analandira ndi manja awiri, atagwada bwinobwino, n'kuika pansi. Osalawa. Mawa lake chimodzimodzi. Mpaka kubwerera kwawo, m'nyumba mwanga muno sanamwemo tiyi. Kumjigo mpaka lero sanaiwale. Nangozo, mnzanga wa nyumba yakumtundayi, ndiye amachita kunena poyera: "Amanyansidwa nanu, anzanga. Mwina makapu."

Makapu anga ndimakwecha ndi phulusa ine!

Koma dzulo ndaona. Fanuwelo waimba ija yoonana nkhope. Kumbuyo kwake a Nomusa ali ndi tambula m'manja. M'tambulamo tiyi wofiira. M'tiyimo miyala. Miyala yoonekera kuseri, ikuyandama! Mwala kuyandama, abale! Akagwedeza ikulira ngwe, ngwe, ngwe. Pamlomo pa tambula kandimu atakakhazika chilili.

Ndamufunsa Fanuwelo. Akuti, "Ndi tiyi ameneyo amayi, wozizira, wa ayisi. Kukatentha chonchi samwa china."

Munthu kukoleza moto, kuphika tiyi, kenaka kumuziziritsa dala! Malemu bambo a Fanuwelo anagwira m'migodi konko, anandiuza za chikepe chotsikira pansi pa nthaka, koma izi sanandiuze. Mwina anaona kuti sindikhulupirira.

Ndiye Loweruka apongozi anga amwa tiyi wakwawo m'nyumba muno. Fanuwelo sindimuuza. Angoona.

Zofunika:
masamba a tiyi, alipo
shuga, alipo, ndipo akuti azikhala wambiri
mandimu, mumtengo wa Nangozo
tambula yagalasi, ndikabwereke kwa mayi busa
miyala ija, kaya

Masana. Ndikuyesa. Tiyi wapsa, ndathira shuga, ndamuika pakhonde azizire. Ndikupita kwa mayi busa.

Ndabwerako. Kukhitchini kwanga kukufuka utsi. Nangozo ali chogwada, akuuzira moto.

"Ndapeza tiyi wanu akuzizira yekha pakhonde, Namawanga akumununkhiza. Ndakutenthetserani. Mwayamba kuiwalatu inu."

Namawanga ndi mbuzi yanga. Ilibe mwambo.

Ndati ndikufuna azizire. Nangozo wandigwira pachipumi.

Tamwa wotentha. Iye makapu awiri.

LACHIWIRI

Lero ndikubisa. Chitseko ndatseka, ndaika mpando.

Ndaganiza bwino. Tiyi uja anali wopanda mkaka, koma mwina ku Joni mkaka ndi wodula. Ine mlendo wanga sindingamupatse tiyi wamaliseche ngati pamaliro. Ndathira mkaka. Ndamuika mumtsuko wa madzi akumwa uja, mtsuko ndaukwirira mumchenga wonyowa kuseri kwa chitseko.

Ndikudikira.

Kudikira kuti tiyi azizire n'kovuta, iwe. Moyo wanga wonse ndimathamangira kuti asazizire. Manjawa akungofuna kukatenga nkhuni okha. Ndawakhalira.

Wazizira! Osati kwambiri, koma ngati madzi a kudambo m'mawa. Tsopano ndimu. Ndatola awiri pansi pa mtengo wa Nangozo iye ali kudimba. Akugwa okha, si kuba.

Ndafinyira.

Mayo ine!

Tiyi wagawikana pawiri ine ndikuona! Kumwamba madzi achikasu, pansi timibulu toyera tikuzungulira ngati mbozi. Wasanduka chambiko, osagona n'komwe! Mkaka umatenga masiku m'chiphanda kuti ugone, koma ndimu wangoti tho, tho, basi zatheka. Ndakhala ndi mandimu ndi mkaka zaka zonsezi, osadziwa kuti n'zodana chonchi. Mulungu anabisa zinthu zambiri m'khitchini.

Ndalawa. Ayi.

Ndakhuthulira kuseri. Namawanga wamwa, wanyambita ndi dothi lomwe, akundiyang'ana ngati ndiwonjezere.

Chimene ndaphunzira, usunge iwe: mkaka ayi. Anthu a ku Joni aja sikuti ndi osauka. Akudziwa.

Nangozo akugogoda. "Mwadzitsekera masanasana, muli ndi ndani?"

Ndamuuza zonse pawindo. Miyala, tambula, kandimu. Wamvetsera mpaka kumapeto, kenaka akuti, "Mlendo kuchoka ku Joni konse kuja, matako atatupa m'basi, inu n'kumupatsa tiyi wozizira? Kunoko timatero ndi munthu amene tikufuna asabwerenso. Mukamponyeremonso miyala?"

Ndati si miyala yeniyeni, ndi madzi ouma.

Akuti, "Madzi akauma amakhala palibe."

Mawa ndipita pa Nsipe ndikadzionere.

LACHITATU

Ndavala chilundu cha kutchalitchi. Ndakwera kabaza ya a Lasitoni, amene amanditenga ndikamapita kusikelo ya magazi. Dzuwa likuswa mtengo. Fumbi mpaka m'makutu.

Pa Nsipe. Golosale ya a Mbewe, ija ili pafupi ndi ogulitsa tomato. Ali ndi chifiriji chogona ngati bokosi la maliro, choyera. Ndati ndikufuna kuona ayisi.

Atsegula.

Iwe foni. Iwe!

Mukutuluka utsi. Utsi wopanda moto, ndipo sukwera kumwamba, ukutsikira kumapazi. Ndaikamo dzanja. M'kati muli Juni. Juni yense, wa kuphiri uja, amutsekera m'bokosi pakati pa mwezi wotentha uno! Kunja anthu akutuluka thukuta, agalu malilime panja, m'menemo muli chisanu chomera m'mbali ngati nkhungu. Ndipo a Mbewe akuti chimene chikuziziritsa ndi magetsi. Magetsi omwewa amene anawotcha mwana wa a Ndau dzanja! Chinthu chimodzi, kuno chikuwotcha, uko chikuziziritsa. Ndavula nsapato. Sindikudziwa chifukwa chake, ndangoona kuti ndivule.

A Mbewe akuseka. "Agogo, mafilizesi aja ana amayamwa simunawaonepo?"

Ndinawaona, koma ndinkayesa ndi maswiti onyowa. Kunyumba kwa mafilizesiwo ndinali ndisanafikeko.

Ayisi amaumitsa m'majumbo, amagula ndi a nsomba. Andipatsa mmodzi, wamkulu ngati papaya. Wolemera! Ukamugwira akuluma ngati moto. Ndamuyang'ana padzuwa, m'kati mwake muli timizere toyera ngati mitsempha.

Kunyamula kwake. Pamutu akuzizira mpaka m'maso. Pamiyendo ayi. Ndamubereka kumsana ndi chitenje ngati mwana.

Panjira akundizizira bwino, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Tafika pamlatho ndikumva kanthu kakutsika mumsana. Tafika pachigayo chilundu chonse chanyowa, madzi akudontha pakaliyala, tho, tho, m'fumbi mzere kutalika.

A Lasitoni aima pamthunzi. Akuyang'ana kumbali, mwaulemu. "Agogo, mukanangondiuza, ndikanaima patchire paja. Si zamanyazi, ndi ukulu."

Ndati ndi ayisi. Akuti, "Eya, agogo."

Pachigayo panali anthu. Onse aona.

Kunyumba ndamasula. Papaya uja watsala ngati nzama imodzi, akusambira m'jumbo. Ndamuika palilime msangamsanga.

Aaa.

Kaya ndinene bwanji. Akuwotcha koma sakuwotcha. Lilime lafa kenaka ladzuka. Kenaka palibe, ndangomeza madzi wamba. Chinthu chinali mwala pompano!

Madzi otsala m'jumbo wamwa Namawanga. Wadya ndi jumbo lomwe.

LACHINAYI

Ndadzuka ndi maganizo. Ngati ayisi amathawa panjira, tiyi ndiye ayambe wazizira yekha kwambiri, ayisi adzangomalizitsa. Ndaphika m'mamawa mphika wonse, moto ndazimitsa ndi madzi kuti Nangozo asaone utsi. Mphika uli mumchenga.

Kunja kukumveka nyimbo.

Ikuyandikira.

Ndi amayi a kumpingo kwathu, avala zoyera, mzere kuchokera kumsewu, aliyense mtolo wa nkhuni pamutu! Kutsogolo mayi busa. Pambali pawo Nangozo, nkhope yachisoni ngati ndafa kale.

Nkhani yake akuti ili chonchi:
ndikumwa tiyi wozizira chifukwa nkhuni zandithera
ndikudzitsekera m'nyumba masana
ndikulankhula ndekha (ndiwe iwe foni ameneyo)
ndinavula nsapato m'golosale
za pachigayo zija

Mayi busa agwira dzanja langa. "Amayi, umasiye si tchimo. Mukasowa muzinena."

Nkhuni aunjika mpaka kufika pawindo. Wina wasesa pabwalo, wina watunga madzi. Apemphera, andiika pakati. Pemphero labwino, sindinama, misozi inabwera. Ndikutsegula maso pa ameni, mtsikana wina wa kwaya watulukira ndi mphika wanga.

"Taonani, ndi zoona! Wozizira ngati mwala, anachita kumukwirira!"

Onse: "Iiii!"

Amuika pamoto. Wabwadamuka. Amwa onse, atamanda shuga. Mayi busa akuti tambula ija ndisunge mpaka ndipeze bwino.

Munthu wakusenzera nkhuni kuchokera kuphiri, ungamuuze kuti moto sukuufuna?

Masana. Abwera a Lasitoni kudzapepesa. Akuti anakafunsa kwa a Mbewe, apeza kuti analidi ayisi. Ndiye akuti a nsomba awauza chinsinsi: ayisi amafuna bulangete.

Ndati mukundiseka.

Akuti ayi, ukamufunditsa bulangete lokhuthala sasungunuka msanga.

Ndakhala pansi. Bulangete limene limatenthetsa munthu! Ndiye kuti bulangete silidziwa kutentha kapena kuzizira, limangosunga chimene lapeza. Ukalipatsa munthu lisunga munthu, ukalipatsa Juni lisunga Juni. Zaka zonsezi ndimafunda chinthu chanzeru chonchi osadziwa!

Ndatsegula sutukesi ya malemu. Bulangete lawo la kumigodi lija, lotuwa, la mizere yofiira, lolemera ngati chikopa cha ng'ombe. Chitisiyireni sindinafunditsepo munthu. Ndati bambo a Fanuwelo, pepani, ndi za mpongozi wanu.

A Lasitoni alimanga pakaliyala. Mawa.

LACHISANU

M'mawa wonse ndili pakhonde, maso kumsewu. Namawanga akudya nkhuni za mpingo makungwa.

Dzuwa lafika pamutu. A Lasitoni kulibe.

Wadutsa mkazi wa a Ndau, akuti pa Nsipe magetsi anazima dzulo, a Mbewe akugulitsa mafilizesi amadzi motchipa. Juni wathawa m'bokosi! Ndiye kuti naye ndi wapaulendo ngati ife.

Mawa ndi mawa.

Dzuwa lapendeka. Uyo! A Lasitoni akukankha njinga pachitunda, malaya ali mbee mchere wa thukuta. Akuti atapeza pa Nsipe palibe anangopitirira mpaka pa Boma, kwa ogulitsa nsomba mumsika. Munthu uyu Mulungu amudalitse.

Tamasula bulangete m'nyumba, chitseko chotseka.

Alipo! Wamkulu ngati mwana wa miyezi itatu, wamakona, akufuka kautsi kake kaja. Bulangete langonyowa pang'ono. Kuchoka pa Boma, dzuwa lonseli! Ndawomba m'manja. Ndinafuna kululutira koma ndaopa amayi a mpingo.

Akununkhira usipa pang'ono. Ndamutsuka.

Ndabenthula kachidutswa ndi munsi mumtondo. Tiyi ndinaphika kale m'mawa, wopanda mkaka, shuga mpaka supuni kulemera, ndinamubisa pansi pa bedi. Ndathira m'tambula. Ndaponyamo miyala.

Yalira! Yati the! the! ngati chimanga chokazinga, yokha, popanda woigwira. Kenaka yakwera pamwamba. Ikuyandama, iwe, m'nyumba mwanga muno! Tambula yayamba kutuluka thukuta kunja, pamene m'kati mukuzizira. Ndagwedeza. Ngwe, ngwe, ngwe. Ndi yomweyo! Kandimu ndakakhazika pamlomo, kagwa, ndakakhazikanso.

Ndamwa.

Taima kaye.

Ndikumumva akutsika. Pakhosi, pachifuwa, mpaka pamchombo, njira yonse ndikuidziwa. Kutsekemera kukubwera pambuyo, ndimu pambuyo pake. Kutentha kwa sabata yonse kwachoka m'mutu ngati wina watsegula windo. Ndiye kuti anthu ena amakhala chonchi tsiku ndi tsiku? Nanga kumwamba kukatsala chiyani?

A Lasitoni alawa, avula chipewa.

Nangozo wakankha chitseko, mpando wagwa. Waona tambula. Akuti, "Zozizira chonchi ndi za kumochale." Ndati talawani. Akuti ayi. Ndati mukuopa. Walanda, wamwa kwambiri kamodzi.

Wakuwa! Wagwira tsaya, akuzungulira m'nyumba, "Dzino langa! Mwandilodza dzino!"

Mano atatu amene anamutsalira amanyada nawo pa ine chaka ndi chaka. Lero ine wopanda ndi limodzi lomwe ndikumwa mwaufulu. Mulungu sachedwa, amangodikira ayisi.

Wapita akutukwana. Pakhomo watembenuka: "Shuga yekha ndiye mwathira bwino."

Chimwala ndachifunditsanso, chili m'beseni pansi pa bedi. Ndikumapita kukachisuzumira. Ndikudziwa kuti sindiyenera. Ndikupitabe.

LOWERUKA

Tambala woyamba ndili kale kukhitchini. Tiyi waphikidwa, wasefedwa, ali mumphika waukulu pakona, ndavundikira ndi mbale. Azizire. Nangozo sabwera, akudwala dzino. Amayi a mpingo ali ku ukwati kutsidya. Lero palibe wonditenthetsera.

Ayisi watsika, ali ngati dzungu laling'ono. Akwana.

Anati afika m'mawa.

Dzuwa pamutu. Ngati papaya.

Fanuwelo waimba, akuti minibasi yawo ikudikira kudzaza pa Boma. Ndati uwauze afulumire. Akuti, "Bwanji amayi, mukudwala?" Ndati ayi, wina ndiye akudwala.

Ngati mango. Ndasiya kusuzumira. Ndasuzumiranso.

Afika!

Ndikuuza tsopano zatha.

Fanuwelo wanenepa. A Nomusa atsika pakabaza atavala chitenje mpaka kuakakolo, duku kumutu. Agwada pafumbi pomwepo. "Muli bwanji, amayi? Ife tili bwino, kaya inu." Zonse kamodzi, osadikira kuti ndiyankhe. Chichewa! Ndalulutira, za mpingo ndaiwala.

Ndiye anthu. A Ndau, akazi awo, a kwa malume ake a Fanuwelo, ndi Nangozo yemwe atamanga nsanza kutsaya. Aliyense alonjere, aliyense afunse za ulendo, za mwana wake amene ali konko, ngati Joni ndi mudzi umodzi. Ine ndikuti ndidzuke ndikatenge tambula, wina wagwira dzanja, "Mwawaona alendo?" Ndakhalanso.

Ndikuyang'ana pamkeka. A Nomusa palibe.

Ndikuyang'ana kukhitchini.

Utsi.

Miyendo yanga siithamanga, koma lero yayesa. Ndapeza ali chogwada pamafuwa, maso ali psuu, misozi mbwee, akuuzira. Nkhuni za mpingo zija zikuyaka bwino kwabasi. Pamoto mphika wanga. Ukubwadamuka.

Fanuwelo ali kumbuyo kwanga, akunyada. "Mwaona amayi? Wakhala akuphunzira kukoleza nkhuni kuseri kwa nyumba kwathu kuja, aneba mpaka kudandaula. Akuti ulendo uno simugwira ntchito. Wapeza tiyi wanu wazizira, wamva chisoni, akuti amayi amakhala okha, alibe ndi wowatenthetsera yemwe."

Alibe wowatenthetsera! Ine!

Ndatsegula pakamwa. Ndaona maso ofiira aja. Ndatseka.

Pophula apsa chala, mphika ulibe chogwirira. Angoti "Eish!" n'kuika chala m'kamwa. Ine osaganiza, ndalowa m'nyumba, ndafukula bulangete. Watsala ngati dzira la nkhuku. Ndabwera naye, ndagwira dzanja lawo, ndamuika pachala.



A Nomusa akuyang'ana ayisi, akuyang'ana ine, akuyang'ana denga laudzu ngati afuna waya wa magetsi. Alankhula chakwawo kwa Fanuwelo.

"Akuti ayisiyu mwamutenga kuti, amayi?"

Ndati ndimasunga. Pakhomo pa munthu pamafunika ayisi.

Nangozo kutsaya kwake komweko: "Bodza! Sabata yonse mudzi sunagone ndi tiyi wa miyala wa apongozi. Ine dzino latha!" Waulula zonse. Chambiko, nsapato, pemphero, ndi za pachigayo zomwe, zimene sanafunsidwe. Fanuwelo akumasulira, akulephera ndi kuseka. Wina watulutsa tambula ya mayi busa, kandimu kali chikhalire pamlomo, kofota.

A Nomusa sanaseke. Agwira pakamwa. Kenaka atenga tambula ija, athiramo tiyi wawo wotenthayo, achotsa ayisi pachala, amuponyamo.

The!

Wazungulira kamodzi. Palibe.

Akhala pamkeka pafupi nane, mwendo kugunda mwendo. Amwa. Amwa, iwe foni! Mpaka pansi, kutembenuza tambula. Anthu onse akuona, ndi Nangozo yemwe.

Ndiye ndafunsa Fanuwelo, pansipansi, kuti nanga ulendo uja anakaniranji.

Akuti, "Aaa, uja unali wamkaka. Kwawo mkazi samwa mkaka pakhomo pa apongozi ake mpaka apongoziwo atamupatsa mbuzi. Ndi ulemu. Sindinakuuzeni kodi?"

Sindinakuuzeni kodi.

Mwana ndinamubereka ndekha ameneyu.

A Ndau akugwedeza mutu, akuti eya, agogo awo ankanena zomwezo, kale kuno kukali ng'ombe zambiri zinaliko. Tsopano akukumbuka. Kumjigo zaka zonsezi anali chete.

Ndatembenuka. Namawanga ali pakhomo pa nyumba, mutu m'beseni, akumwa madzi a ayisi.

LAMULUNGU

Yayaka? Chabwino.

Kutchalitchi ndapita ndi apongozi anga, akundinyamulira buku la nyimbo limene sindiwerenga. Mayi busa akuti ndikuoneka kuti ndapezako bwino, pemphero linagwira. Ndati linagwiradi. Tambula ndabweza.

Mbuzi ndapereka m'mawa, a Ndau aimirira ngati mboni, anenapo mawu awiri achingoni amene iwonso sakuwadziwa bwino. A Nomusa agwada, alandira chingwe. Namawanga wawadya duku. Pabasi sangakwere, ndiye akhala konkuno, ndizimusunga ine. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano akamaba ndi mbuzi ya eni, sindingamumenye.

Ndiye taona. Ndinapita pa Nsipe, ndinanyowa pachigayo, ndinapemphereredwa, a Lasitoni anafika pa Boma, Nangozo akukachotsa dzino Lachiwiri. Chonsecho chofunikacho chinali pakhonde pomwepa, chikudya majumbo.

Bulangete la malemu lili pachingwe. Likununkha usipa. Bambo a Fanuwelo andikhululukire, nsomba ankaikonda.

Beseni lauma.

Ndinafuna kuwauza apongozi kuti Lachisanu ndinamupeza, weniweni, wolira ngwe. Kuti ndikudziwa chimene amamva akamamwa. Chichewa chawo chimathera pa "kaya inu", changa chakwawo kulibe, ndipo Fanuwelo sindimutumanso mawu. Ndangowalozera pakhosi, ndatsitsa chala mpaka pamchombo. Agwedeza mutu, atseka maso. Amva.

Tambula imodzi, moyo wonse. Yakwana. Ena amafa osaona mwala ukuyandama.

Nkhuni zatsala mulu mpaka pawindo. M'mudzi muno tiyi sangazizire, ndavomera.

Ndi awo akubwera kuchokera kukhitchini, maso ofiira, thireyi m'manja. Makapu awiri, wamkaka, akufuka. Dzuwa ili likuswa mutu.

Zima iwe, ndimwe asanazizire.